Project Reactor pa deployment ya ma server 38: ndipitirize kapena ndisiye?

Tiyamike: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru ndisanakaonekere kwa abwana Lolemba. Kuntchito kwathu tili ndi ma server 38 m'ma branch, ndipo version yatsopano timaitumiza ndi bash script yolowa m'ma server imodziimodzi pa SSH (njira yolowera mu kompyuta yakutali). Netiweki ikaduka pa branch imodzi, script imaima, munthu n'kuchezera muofesi. Ndiye ndalemba kachida katsopano ndi Project Reactor, library ya Java yoyendetsera ntchito zambiri nthawi imodzi, poti system yathu ndi ya Spring kale, framework ya Java yomwe imayenda ndi Reactor. Pa ma server atatu oyeserera zinayenda myaa. Dzulo nditayesa onse, VPN yolowera ku ma branch inagwa, ena analandira version yatsopano, ena ayi, ndipo log sikundiuza kuti ndi ati. Cholakwa ndi library kapena ndine?

Kondwani: Achemwali, flatMap yanuyo, imene imayambitsa ntchito ya server iliyonse, munaipatsa nambala ya concurrency, yonena ntchito zingati ziyende nthawi imodzi? Nanga SSH mukulowa ndi chiyani?

Tiyamike: Nambala sindinaike. SSH ndi library ya JSch, ndinaikulunga mu Mono.fromCallable n'kuiponya pa boundedElastic, gulu la ma thread la Reactor la ntchito zodikirira, chifukwa imatsekereza thread. Laputopu yanga ndi ya ma core 4.

Kondwani: Ndi pomwepo. flatMap ya Reactor mukangoisiya imalola ntchito 256 nthawi imodzi, ndipo boundedElastic imatsegula ma thread okwana ma core anu kuchulukitsa ka 10. Kwa inu ndi 40, ndiye onse 38 anathamangira pakhomo limodzi la VPN. flatMap ipatseni 3 kapena 4. Chinanso, server imodzi ikalephera, flatMap imatumiza cancel kwa zonse zimene zili m'kati, koma cancel imeneyo si chitsimikizo choti command yomwe yayamba kale kutsidya kuja yaima. Ina imamaliza, ina imafera panjira, inu simumva kanthu. Ikani onErrorResume m'kati mwa ntchito ya server iliyonse, kuti kulephera kubwere ngati zotsatira wamba. onErrorContinue musaikhudze, imachita zinthu zosayembekezereka.

Anaphiri: Zimene akunena a Kondwani n'zoona, koma ine funso langa lili kumbuyo. Reactive, kalembedwe ka code ka Reactor kameneka, mukuifuniranji pamenepa? RxJava, library inzake ya Reactor, inakulira ku Netflix, 1.0 n'kutuluka mu 2014, malamulo a Reactive Streams n'kubwera mu 2015, Spring 5 n'kutenga Reactor mu 2017. Onsewo ankalimbana ndi data yobwera mosalekeza, yochuluka kuposa mmene wolandira angathere, n'chifukwa chake nkhani yaikulu inali backpressure, yoti wolandira azitha kuchepetsa liwiro la wotumiza. Inu muli ndi mndandanda wa maina 38 omwe mukuwadziwa kale. Palibe madzi osefukira pamenepo. Ansible, chida chotumizira zinthu pa ma server ambiri, ili ndi serial (ma server angati pa ulendo umodzi) ndi max_fail_percentage (iime akalephera ochuluka bwanji), mizere iwiri ya YAML yochita zomwe mukuvutika nazozi. Ngati mwakakamira Java, kuyambira Java 21 ya mu 2023 muli ma virtual thread, mungowonjezera Semaphore yochepetsa ntchito zoyenda nthawi imodzi, ndipo code yake aliyense aiwerenga.

Kondwani: Anaphiri, musaiphe yonse. Kwathu kuno chovuta ndi netiweki yodukaduka, ndipo retryWhen ndi Retry.backoff zimakupatsa kuyesanso ndi kudikira kowonjezereka, komanso jitter (kusinthasintha nthawi yodikirayo), pamzere umodzi. timeout chimodzimodzi. Komanso StepVerifier.withVirtualTime imakulola kuyesa kudikira kwa mphindi 30 m'kanthawi kochepa. Ndalembapo zimenezi pamanja, sindikufunanso. Licence ndi Apache 2.0, abwana sadandaula.

Anaphiri: Retry yomweyo ndi imene ikundiopsa ine. Tiyamike, deploy yanu ili ndi migration ya database, yosintha ma tebulo ake?

Tiyamike: Eya, timachita ndi chida cha Flyway, pa MySQL ya branch iliyonse.

Anaphiri: Ndiye mvetserani. Pa PostgreSQL kusintha tebulo kumatha kulowa mu transaction, zikalephera zimabwerera mmene zinalili. Pa MySQL ayi, ALTER TABLE iliyonse imadzichitira commit yokha. Migration ya masitepe asanu ikafera pa lachitatu, awiri oyambawo akhala basi, Flyway ilemba kuti yalephera mu flyway_schema_history ndipo ikana kupitirira mpaka munthu akonze ndi kuchita repair. Ine zinandionekerapo komwe ndinkagwira kale, ndinapita pa minibasi kukakonza database pamanja, Loweruka lonse n'kuthera komweko. Retry ikhale pa kukweza fayilo ndi pa health check (kuona ngati service yadzuka) pokha. Migration ikalephera, server imeneyo iime, idikire munthu.

Koma chachikulu n'chakuti Flux, mtsinje wa ntchito wa Reactor, imakhala mu memory. Magetsi akathima, kapena wina akatseka laputopu, zonse zimene inkadziwa zapita. Funso lanu lija loti ndi ati analandira, Reactor singakuyankheni, RxJava singakuyankheni, ngakhale muike nambala yabwino bwanji pa flatMap. Pafunika tebulo: dzina la server, version, sitepe yomwe yafika, nthawi. Muzilemba musanayambe sitepe ndiponso mukamaliza. Chida chikadzukanso chiyambe chafunsa server kuti ili pa version iti, chisakhulupirire tebulo lokha.

Madalitso: Ine ndingowonjezera ka ine ndekha. Tsiku lomwe Tiyamike ali pa tchuthi, adzawerenge stack trace ya Reactor, lipoti la pomwe code yafera, ndani? Imakhala mizere yambirimbiri ya ma operator, code yako osaoneka. Ngati mukhalabe nayo, ikani checkpoint yokhala ndi dzina la server pa sitepe iliyonse. Hooks.onOperatorDebug, yoonetsa code yanu mu stack trace, imachedwetsa zinthu, koma pa kachida kotere simungamve n'komwe.

Tiyamike: Pa timu yathu amene tagwirapo WebFlux, mbali ya Spring yoyendera Reactor, ndife awiri mwa asanu, ndiye a Madalitso mwandigwira pamtima. Ndangomaliza kuzungulira ma server onse ndi script yofunsa version. 11 ali pa yatsopano, 26 pa yakale, ndipo imodzi ili ndi jar (fayilo ya pulogalamuyo) yokopedwa theka, service siikudzuka n'komwe. Mwamwayi migration pamenepo inali isanayambe. Lolemba ndikanena chonchi: rollout tiyese Ansible, serial ikhale 1 kenako 4, ndipo Reactor itsale pa kachida koyang'anira health check, komwe kulidi zinthu zobwera mosalekeza. Nanga tebulo lija ndiliike kuti? Database ya ku likulu nayo imasinthidwa pa deployment yomweyo.

Anaphiri: Musaliike m'database yomwe mukuisinthayo. SQLite pa makina otumizira ikwana, bola makinawo asakhale laputopu yanu. Fayilo ya jar ija muziikweza ndi dzina longoyembekezera, muone checksum kuti yafika yonse, kenako muisinthe dzina ndi mv, kuti jar ya theka isadzapezekenso pamalo pa yeniyeni.

Kondwani: Ndipo server yakufayo kaidzutseni lero, a ku branch asanatsegule mawa.