Maleti yotani yolumikizira majoini? Hamala yanding'ambira mwendo wa bedi

Kalipentala_wa_pa_Nchalo:

Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Ndili ndi kashedi kanga pa Nchalo pano, ndipo chino ndi chaka chachiwiri chichokereni kwa bambo amene anandiphunzitsa ntchito. Sabata yatha ndimalumikiza bedi la malaina la aphunzitsi ena. Motisi (mabowo a m'miyendo) ndinaboola bwinobwino, matenoni (nsonga zolowa m'mabowomo) ndinadula, guluu ndinapaka, koma pomenya kuti zilowe ndinatenga hamala yachitsulo, yomweyi yokhomera misomali. Ndinaika kathabwa pakati pa hamala ndi mwendo monga mwa nthawi zonse. Pa mwendo wachitatu kathabwako kanaterereka, hamala n'kugwera pathabwa lenilenilo, n'kusiya dzenje lozungulira ngati khobidi. Mwendo wachinayi ndiye unang'ambika kuyambira pa motisi kutsika m'munsi. Mwendo ndataya, tsiku ndataya, eni bedi foni m'mawa ndi madzulo.

Ku Limbe ndinaonako maleti (hamala zosakhala zachitsulo) za labala yakuda. Mnzanga wina akuti ndisataye ndalama, ndingosema ndekha ya tsanya chifukwa siitha. Ndichite ziti? Nanga izilemera bwanji?

Madala_a_pa_Ngabu:

Mwana wanga, pepa ndi mwendowo. Koma ndiyambe ndi kukukhumudwitsa: hamala yako ili ndi mlandu wa dzenje lija basi. Mlandu wong'amba mwendo ndi wa tenoni. Inali yonenepa kuposa motisi, ndipo ukanamenya ndi maleti ya golide ikanang'amba chimodzimodzi. Tenoni yothina imasanduka ngati nkhwangwa yowazira nkhuni, imakankha makoma a motisi mpaka thabwa litseguke motsata mitsempha yake. Malaina ndi wofewa, sapirira zimenezo.

Kodi unayamba wayesa joiniyo usanapake guluu? Ine lamulo langa ndi ili. Popanda guluu, tenoni izilowa ndi dzanja kupitirira theka, kotsalako ndi kugogoda pang'ono kawiri katatu. Ukaona kuti ukukweza mkono kudutsa phewa, siya, tulutsa, pala masaya a tenoni pang'ono. Kumbukanso kuti guluu woyera uja ali ndi madzi, ndiye ukapaka thabwa limafufuma. Joini imene inali yothina youma, ikanyowa ndiye imakaniratu. Onjezerapo kutentha kwa kuno ku chigwa. Mu October guluu amayamba kugwira usanamalize kupaka mwendo wachiwiri. N'chifukwa chake ine ntchito yolumikiza ndimaichita m'mamawa dzuwa lisanakwere, ndipo bedi sindililumikiza lonse kamodzi. Kumutu payekha, kumiyendo payekha, nthiti zam'mbali pambuyo.

Tsopano za maleti. Ndili nazo ziwiri, zonse zosema ndekha. Ya tsanya ilipo, ndipo mnzakoyo sakunama kuti siitha, yanga yaona ana anga onse akukula. Koma ntchito yake ndi kumenya chisel poboola motisi. Tsanya ndi wolemera moti wouma bwino umamira m'madzi, ndipo ndi wolimba kuposa matabwa onse amene timapangira mipando. Ukamenya nayo paini kapena malaina mwachindunji, isiya chipsera ngati hamala yomweyo, kungoti chachikulu. Yolumikizira ndinasema ya bulugamu wouma, mutu wake waukulu ngati njerwa yaing'ono, kulemera sikufika kilogalamu imodzi. Nkhope yake ndi yotakata, ndiye mphamvu imamwazika pamalo aakulu m'malo mogwera pa kadontho kamodzi.

Ukamasema yako samala zitatu izi. Nkhope yomenyera ikhale kumene mtengo unadulidwa mopingasa, osati m'mbali mwake, chifukwa m'mbali mumasenda. Nkhopeyo uipendeketse pang'ono kuloza kumpini, kuti mkono ukatsika igwe yonse mofanana pathabwa. Chachitatu ndi mpini. Usaukhome ndi msomali, usaupake guluu. Bowo la m'mutu likhale lotakasuka pamwamba, lochepa pansi, mpini nawo wonenepa kumapeto kwake, uulowetse kuchokera pamwamba monga timachitira ndi piki. Ukamamenya mutu umadzithinitsa wokha. Kuno mtengo umafota m'chilimwe n'kufufuma m'dzinja, ndipo maleti ya msomali chaka chimodzi chokha imayamba kugwedera. Ina inandithawa m'manja n'kukaswa botolo la vanishi.

Mayi_wa_Sowo_Bangula:

Madala anena zoona pa za tenoni, koma pa labala ndiyankheko ine poti ndagwiritsa ntchito. Achimwene, yakuda ija musagule ngati mumagwira matabwa oyera. Imasiya mizere yakuda pa paini, ndipo mukaiwala kupala ndi sandipepa, vanishi imaitsekera mkati mpaka kalekale. Imanjanjanso. Mukamenya, theka la mphamvu limabwerera m'dzanja lanu, tenoni osasuntha. Ndiye mumayamba kumenya mwaukali, mapeto ake ndi omwe aja. Yanga ndinkaisiya pa benchi pansi pa malata, itamva kutentha kwa pa Bangula inauma n'kuyamba kung'aluka m'mphepete.

Ngati mukufunadi yogula, funsani ya labala yoyera, kapena imene amaitcha dead blow. Imeneyo mkati mwa mutu muli timipira tachitsulo kapena mchenga, mukaigwedeza mumamva kuti wayawaya. Mukamenya, timipira tija timagwera kutsogolo, maleti siidumpha, mphamvu yonse imalowa mu joini. Pa mafelemu a zitseko ndi yabwino kwambiri. Vuto siipezeka m'mashopu a kuno, mpaka mukwere msewu wa ku Thabwa kukafika ku Blantyre, ndipo musamenyere chisel, mungaiboole.

Koma ine masiku ano ndimachita zotchipa. Ndinatenga maleti yamtengo, nkhope imodzi ndinamata chikopa cha lamba wakale, inayo ndinaisiya choncho. Kwachikopa ndi kolumikizira, kopanda chikopa ndi kwa chisel. Ena amamata labala ya tayala, koma imeneyo imadetsa ngati yakuda ija.

Dzenje la pa mwendo wachitatu musataye nalo mtima. Ngati mitsempha ya thabwa sinaduke, yangophwanyika, dontheza madzi m'dzenjemo, ikani kansalu konyowa pamwamba, dindani ndi simbi ya makala yotentha. Nthunzi imafufumitsa thabwa, dzenje limakwera. Bwerezani kangapo, likauma palani. Pa malaina zimatheka bwino.

Wa_ku_East_Bank:

Ine ndingochenjeza za tsanya. Musapite kukadula mtengo wamoyo chifukwa cha maleti imodzi, a zankhalango sasekerera. Mukukumbuka gulu lija linagwidwa ku Lengwe mu 2016 likudula tsanya, mathirakitala ndi magalimoto omwe. Komanso wauwisi ndi wopanda ntchito, ukamauma umang'aluka. Funani chidutswa cha nsanamira yakale ya khola kapena ya nyumba yogumuka, zilipo zambiri chichitikireni namondwe wa Freddy. Apo ayi, pemphani musi wakale kwa amayi. Wauma zaka, wazolowera kumenya, ndipo ndi wozungulira kale. Ine yanga ndinadula ku musi wa agogo, kumutu ndinasiya momwemo, kwinako ndinasema kuti dzanja ligwire. Bwemba nayenso amachita bwino, mtima wake ndi wolimba.

Chinanso, bwanji kumenya kumene? Gulani sash clamp, chitsulo chachitali chopanira matabwa, ngakhale imodzi. Joini yokokedwa pang'onopang'ono siing'ambika ngati yomenyedwa, ndipo mumaona ndi maso ikayamba kukana.

Kalipentala_wa_pa_Nchalo:

Takhuta nonse. Madala, mwandigwira pakhosi: sindinayese popanda guluu. Ndinkathamangira kuti ndipereke bedi Loweruka, ndipo ndinalumikiza cha m'ma 2 koloko masana, thukuta lili kamukamu. Lero ndatenga tenoni imene inang'amba mwendo uja n'kuiyesa mu motisi ya mwendo watsopano. Ndi dzanja yangolowa kansonga kokha. Ndiye mlandu ndauvomera.

Mayi, za simbi ndayesa, dzenje lakwera ndithu, kwatsala kamzere kozungulira kumene m'mphepete mwa hamala munadula. Mwendowo ndautembenuza kuti mbali imeneyo iloze kukhoma. Clamp ndiisungira ndalama bedi likalipidwa.

Ndili ndi chidutswa cha bulugamu chimene chakhala pansi pa benchi kuyambira chaka chatha. Funso lotsiriza: mpini ndipange wa mtengo wanji, ndipo utalike bwanji? Ndili ndi zotsala za mbawa ndi paini.

Madala_a_pa_Ngabu:

Paini ayi, athyoka pakhosi. Mbawa ndi wamipando, usamuwononge. Funa nthambi youma ya masawu, yowongoka, yopanda mfundo. Kutalika yeza kuyambira pachigongono chako kufika pamene dzanja layambira, ndiye uwonjezere kunenepa kwa mutu. Pogwira pasakhale pozungulira ngati ndodo, pakhale pophwatalala pang'ono kuti dzanja lizidziwa kumene nkhope yaloza osayang'ana. Ndipo usapake vanishi pampini, ndi thukuta la kuno umaterera. Kathabwa kapakati kaja usakasiye ngakhale maleti ikhale yabwino bwanji, koma kakhale kotalika, kogwira ndi dzanja lonse, osati kachidutswa kotola pansi.