Anti-foam pofulula mowa kunyumba: madontho angati, nthawi yanji?

WaKuKabwata

Akuluakulu, ndifunseko. Ndimafulula malita 20 a mowa wa pale ale mu poto wa malita 25 pa gasi, kenako ndimathira mu baketi ya malita 25. Thovu likusefukira pawiri: wort (madzi otsekemera a chimera) ikangoyamba kuwira, komanso mu baketi yisiti ikagwira, mpaka kutseka airlock (kachida ka pa chivindikiro kotulutsira mpweya). Ndamva za anti-foam, mankhwala otsitsa thovu, ngati Fermcap-S. Amathira angati, ndipo liti? Nanga mowa sudzasowa thovu m'tambula? Ena akuti kasupuni ka saladi (mafuta ophikira) kamagwira ntchito yomweyo.

Chimera_Chelstone

Saladi ayi, aneba, chonde. Thovu la mu poto aliphadi, koma mafutawo atsala mu mowa mpaka m'botolo. Mukatsanulira m'tambula thovu lizingofa pomwepo, ndipo mowa sudzachedwa kununkha chiwawu cha mafuta akale.

Fermcap-S ndi ina. Ndi mafuta a silicone osakaniza m'madzi, a mtundu wa simethicone. Kadontho kake kakafika pa khungu la thovu kamayala msanga, khungulo limapyapyala n'kuphulika. Ubwino wake ndi woti sasungunuka mu mowa. Amamatirira ku yisiti ndi m'mbali mwa baketi, ndiye yisiti ikamakhazikika pansi imapita nawo.

Muyeso wake ndi madontho 2 pa malita 4 aliwonse, kutanthauza 10 pa malita 20 anuwo, pafupifupi theka la mililita. Gwedezani botolo kaye chifukwa amalekana akakhalitsa. Sungani mu filiji, osati mu fulizala.

Mu poto thirani wort isanawire, pamene thovu loyera layamba kusonkhana pamwamba. Imeneyo ndiyo nthawi ya hot break: mapuloteni a chimera akuundana, ndipo ndi amene amagwira thovu kuti lisaphulike. Apa ngakhale madontho 4 kapena 5 amakwana. Chenjeraninso pothira hops (maluwa owawitsa mowa) ya ma pellet, chifukwa tizidutswa take timadzutsa thovu mwadzidzidzi. Chepetsani moto, thirani pang'onopang'ono.

Mu baketi thirani pamodzi ndi yisiti. Musadalire aja munathira mu poto, ambiri amatsala ndi zinyalala za pansi. Mukadikira kuti thovu lifike ku chivindikiro mwachedwa, ndipo kutsegulako mukulowetsa mpweya ndi tizilombo. Chimene simuyenera kuchita n'komwe ndi kuthira mowa utapsa kale kapena pothira m'mabotolo. Pamenepo palibenso yisiti yokwanira yowatsitsa pansi, ndiye thovu la m'tambula latha basi.

Mukathira msanga ndi muyeso woyenera, thovu la m'tambula silichepa. Nthawi zina limachita bwinoko, chifukwa mapuloteni opanga thovu ndi kuwawa kwa hops sizinatayike ndi zosefukira zija.

MaiWaMbaula

Zonse zanenedwazo n'zoona, koma ine ndikuona kuti vuto lanu ndi ziwiya ndi kutentha. Malita 20 mu baketi ya 25 ndi kuthina. Pezani ya malita 30, kapena fululani malita 18. Poto nayenso chimodzimodzi: musanawiritse mumakhala ndi malita 23 kapena kupitirira, ndiye mwasiya mpata wa zala zitatu zokha.

Kuno ku Lusaka tili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280, madzi amawira cha pa madigiri 96. Ena akaona thermometer sikufika 100 amawonjezera moto, poto n'kusefukira. Sidzafika. Bola wort ikugudubuzika bwinobwino, chivindikiro chili pambali, zakwana. Khalani ndi botolo lopopera madzi ozizira pafupi, thovu likakwera poperani, limatsika nthawi yomweyo.

Tsono baketi. Yisiti ya ale imafuna madigiri 18 mpaka 20. Mu Okutobala m'nyumba mumadutsa 30, ndipo mkati mwa baketi mumatentha kuposa panja chifukwa yisiti ikamagwira ntchito imatulutsa kutentha kwakenso. Anti-foam itsitsa thovulo, koma siichotsa fungo la nthochi yakupsa kwambiri ndi ukali wonga wa thinazi umene umabwera mowa ukapsa motentha. Ikani baketi m'bafa la madzi, ifunditseni thaulo lonyowa, muziponyamo mabotolo a madzi oundana m'mawa ndi madzulo, makamaka masiku atatu oyambirira.

Masiku omwewo chotsani airlock, ikani paipi yotakata pakamwa, mbali inayo ilowe m'chigubu cha madzi a sanitiser. Airlock ikatsekeka, mpweya umadzaza mpaka chivindikiro kuuluka.

Hops_Matero

Ndiwonjezereko za chitetezo, chifukwa izi tikumwa. Malamulo a zakudya ku America amalola silicone yotereyi kufika 10 ppm basi (magawo 10 pa miliyoni) mu chakudya, ndiwo mamiligalamu 200 pa malita 20. Makampani a mowa amaichotsa ndi sefa kapena centrifuge, makina ozungulira mwaliwiro olekanitsa zinyalala. Ife tilibe zimenezo, ndiye sefa yathu ndi kudekha. Mowa ukapsa, uziziritseni masiku awiri ngati magetsi alola, kenako kokani ndi paipi kuchokera pamwamba, musiye kasentimita kamodzi pamwamba pa yisiti. Musapendeketse baketi pofuna kupulumutsa botolo lomaliza.

Gulani zolembedwa food grade zokha, kutanthauza zoyenera kuthira mu chakudya. Silicone yopopera ya ku hardware ija ndi ya magalimoto ndi mawindo, isayandikire mowa. Madontho a makanda ochotsa mpweya m'mimba alidi ndi simethicone ndipo thovu amatsitsa, koma amakhala ndi zotsekemeretsa ndi zonunkhiritsa, werengani chikalata chake musanayerekeze.

Pamene anti-foam imathandiza kwambiri ndi powiritsa starter (wort pang'ono yochulukitsiramo yisiti) mu flask ya galasi, dontho limodzi lokha, komanso pa mowa wa tirigu umene umachita thovu lambiri mwachibadwa.

WaKuKabwata

Zikomo nonse. Nanga mabotolo amene amafwamphuka thovu ukangotsegula, nawonso anti-foam ingathandize?

Chimera_Chelstone

Ayi, limenelo ndi vuto la mpweya wochuluka m'botolo. Mwina munathira mowa usanamalize kupsa, mwina shuga anachuluka, kapena mwalowa yisiti yakutchire. Yezani ndi hydrometer, chida choyezera shuga wotsala mu mowa, nambala ikhale imodzimodzi masiku atatu otsatizana musanathire. Shuga akhale magalamu 6 pa lita, womusungunula m'madzi owira ndi kumusakaniza mu mowa wonse, osati kuyeza ndi supuni botolo ndi botolo. Amene akufwamphuka kalewo aikeni mu filiji lero, ndipo powanyamula muwakulunge ndi thaulo, chifukwa galasi likhoza kuphulika.