Kodi Daumier anamangidwiranji chifukwa cha chithunzi chabe?

Nabanda, Mufakose

Ndimagwira ntchito pa kampani ina yosindikiza mabuku kuno ku Harare, ndipo sabata yatha tinalandira buku la mbiri ya ku Ulaya loti tisindikize. M'bukumo muli chithunzi cha mfumu yamimba yaikulu itakhala pampando, ikumeza matumba a ndalama amene anthu owonda akupereka. Pansi pake analemba kuti wojambula ndi Honoré Daumier, ndipo anamangidwa chifukwa cha chithunzicho. Ndikupempha akuluakulu odziwa mbiri andifotokozere kuti munthuyu anali ndani, ndiponso chifukwa chimene boma lokhala ndi asilikali linaopera pepala.

A Phiri, Highfield

Mayi Nabanda, chithunzi mwaonacho dzina lake ndi Gargantua, cha m'chaka cha 1831, ndipo mfumuyo ndi Louis-Philippe wa ku France. Mukachiyang'anitsitsa muona kuti mpandowo ndi wachimbudzi, ndipo pansi pake pakutuluka mapepala a maudindo ndi maulemu amene nduna zikuthamangira kutola. Uthenga wake sunafune womasulira: msonkho wa amphawi ukulowa pakamwa pa mfumu n'kutuluka ngati mphotho ya okondedwa ake. Daumier, amene anabadwira ku Marseille mu 1808 ndipo anakulira ku Paris m'banja losauka, anagamulidwa kukhala m'ndende miyezi isanu ndi umodzi, ndipo anatsekeredwa m'ndende ya Sainte-Pélagie ku Paris mu 1832.

Chimene boma linkaopa, inu a ntchito yosindikiza muchimvetsa msanga kuposa ine. Iye ankajambula pamwala wosalala ndi choko chamafuta. Mwalawo ankaunyowetsa ndi madzi, ndipo akapakapo inki, inkiyo inkagwira pamene pali mafuta pokha, kotero kuti mwala umodzi unkabala mapepala ambirimbiri pamtengo wotsika. Nkhani yolembedwa imafika kwa odziwa kuwerenga okha, koma chithunzi chopachikidwa pawindo la sitolo chinkaseketsa ngakhale wonyamula katundu amene sanapondeko kusukulu.

Gogo Mbewe, Mbare

Ndikuvomereza zimene a Phiri anena, koma ine ndimaona kuti mphamvu ya Daumier sinali m'chipongwe. Chipongwe ambiri ankachitha. Mkonzi wake, Charles Philipon, mwini nyuzipepala za La Caricature ndi Le Charivari, ndiye anatchukitsa zofanizira mutu wa mfumu ndi chipatso chopyapyala kumwamba, chonenepa kumunsi ngati peyala lathuli, mpaka anthu anayamba kuchilemba m'makoma.

Ntchito imene imandikhudza mtima ndi ya 1834, yotchedwa Rue Transnonain. Pa nthawi ya zipolowe mu Epulo chaka chimenecho, asilikali analowa m'nyumba ina mumsewu wa dzina limeneli ku Paris n'kupha anthu okhalamo. Daumier sanajambule msilikali ngakhale mmodzi, ndipo sanakulitse mphuno kapena mimba ya wina aliyense. Anangoonetsa bambo atagona chagada pafupi ndi bedi, atavala malaya ogonera, thupi lake litapsinja kamwana kakufa, ndipo chapambali pakuoneka mutu wa nkhalamba. Palibe choseketsa pamenepo, ndipo akuluakulu a boma anazindikira kuopsa kwake, pakuti analanda mapepala amene anawapeza. Ndinachiona koyamba ndili mphunzitsi wachinyamata, ndipo mpaka lero ndikachikumbuka ndimaona kamutu ka mwana uja.

Ife Achewa siziyenera kutidabwitsa zimenezi. Simoni wa nkhope yofiira akatuluka pabwalo la gule, anthu amaseka, komabe aliyense amadziwa amene akunenedwa, ndipo mwambo umamuteteza wovinayo. Daumier analibe chigoba chobisalamo, popeza aliyense ankadziwa dzanja lake.

Nabanda, Mufakose

Zikomo kwambiri, a Phiri ndi agogo. Nanga atatuluka m'ndende komanso atajambula chithunzi chachiwiricho, boma linamusiya?

A Phiri, Highfield

Silinamusiye, koma linasintha njira. Mu Seputembala 1835 linakhazikitsa malamulo akuti chithunzi chilichonse chiyambe chavomerezedwa chisanasindikizidwe, ndipo La Caricature inatsekedwa. Daumier anatembenukira kwa anthu wamba a mu Paris, madokotala, eni nyumba za lendi, makamaka maloya, amene ankawadziwa bwino chifukwa ali mnyamata ankatumikira munthu wina wa ntchito za kukhoti. Maloya akewo, ovala mikanjo yakuda ndi onyada pamaso pa amasiye olira, mungawazindikire ngakhale lero.

Anasiya zithunzi zapamwala pafupifupi 4,000, kuwonjezera pa zopenta ndi timitu tadongo ta aphungu a nyumba ya malamulo, timene tsopano tikusungidwa ku Musée d'Orsay, nyumba yosungiramo zaluso ku Paris. Chuma sanachipeze. Maso ake anafooka mpaka anatsala pang'ono kuchita khungu, ndipo mnzake Corot, amenenso anali wojambula, ndiye anamuthandiza pa za nyumba ku Valmondois, mudzi wa kufupi ndi Paris, kumene anamwalirira mu 1879, patangopita chaka chimodzi kuchokera pamene anzake anamukonzera chionetsero chachikulu cha ntchito zake ku Paris.