Phindu la chaka cha 2024: kodi ndisamutsire ndalama zonse ku masheya?

Mphunzitsi wa ku Chamama analemba:

Ndikupempha nzeru kwa inu amene munayamba kale kusunga chuma m'njira zosiyanasiyana. Chaka cha 2024 ndinachiyamba ndi K3,000,000 imene ndinaigawa panayi. Ku SACCO ya kuntchito kwathu ndinali ndi K1,200,000 ndipo chaka chitatha anandipatsa K180,000. Ndi K800,000 ndinagula soya mu Meyi, ndinamusunga mpaka Novembala, n'kumugulitsa K1,150,000, koma matumba, mankhwala ndi mayendedwe a ngolo zinadya K70,000. Masheya a mabanki awiri amene ndinagula ndi K600,000 pa msika wa masheya wa Malawi Stock Exchange anafika pa K930,000, ndipo pamwamba pake ndinalandira K21,000 ngati gawo la phindu atachotsa kale msonkho. Yotsalayo, K400,000, ndinagulira mbuzi 8. Zinaswa ana asanu, ziwiri zinafa ndi matenda nthawi ya dzinja, ndipo 11 zimene zilipo ndikuziyerekeza pa K620,000.

Ndikaphatikiza zonse ndikupeza K4,031,000, kutanthauza phindu la pafupifupi 34 pa 100 iliyonse. Ndinali wokhutira mpaka pamene alamu anga, amene ndalama zawo zonse zili m'masheya, anandiuza kuti iwo anapitirira 60 pa 100 popanda kunyamula thumba ngakhale limodzi. Kodi ndikhala ndikulakwitsa ndikagulitsa mbuzi, kuleka za soya, n'kutsatira iwo?

Wowerengera ndalama wopuma, Mchinji Boma, anayankha:

Aphunzitsi, mwachita bwino kulemba manambala onse, chifukwa ambiri amene amadzitama ndi phindu amangotchula chimene chinawayendera n'kubisa chimene chinawagwetsa. Komabe 34 yanuyo muyenera kuiika pambali pa nambala ina musanasangalale kapena kudandaula. Mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha inachepetsedwa ndi 44 pa 100, ndipo m'chaka chotsatiracho mitengo ya zinthu inakwera mopitirira 30 pa 100 tikatenga chaka chonse. Choncho K4,031,000 yanu ikugula katundu wongochulukirapo pang'ono poyerekeza ndi amene K3,000,000 inkagula mu Januwale. Simunalemere, koma simunasaukenso, ndipo m'chaka chimenecho ambiri amene anasiya ndalama m'buku la ku banki anasauka osadziwa.

Palinso zinthu ziwiri zimene mawerengedwe anu akubisa. Ndalama ya soya inagwira ntchito miyezi isanu ndi umodzi yokha, ndipo simunatiuze kumene inali kuyambira Januwale mpaka Meyi; ngati inangogona, ndiye kuti soya anapindula kwambiri kuposa mmene mukuonera, ndipo cholakwika chinali kuigoneka miyezi inayo. Chachiwiri, K330,000 imene masheya anakwera nayo ili papepala pokha. Msika wathu uli ndi makampani ochepa, ndipo masheya ena amatha masiku angapo popanda wogula, kotero munthu amene akufuna ndalama ya chipatala mawa lino akhoza kugulitsa pamtengo umene sakuufuna kapena kudikira sabata yathunthu.

Za alamu anu ndinena mosapita m'mbali. Ngati masheya awo ali a mabanki okha, adziwe kuti gawo lalikulu la phindu la mabanki athu likuchokera pobwereketsa boma. Reserve Bank of Malawi inakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 pa 100 mu Febuluwale 2024, ndipo mabanki akhala akukolola pamenepo. Tsiku limene boma lidzavutike kubweza ngongole za m'dziko muno, kapena chiwongoladzanja chidzatsike kwambiri, masheya a mabanki onse adzagwedezeka pamodzi, ngakhale mayina a mabankiwo ali osiyana. Munthu amene ali ndi National Bank, Standard Bank ndi FDH amaganiza kuti wabzala mbewu zitatu, pamene kwenikweni wabzala mbewu imodzi m'minda itatu yoyandikana, yodalira mtambo umodzi. Pa msika womwewo pali Illovo, Airtel, TNM ndi Sunbird, amene ndalama zawo zimachokera ku shuga, mafoni ndi mahotela. Muwafunsenso alamuwo kuti 60 yawoyo ndi ya chaka chimodzi kapena akhala akuipeza zaka zisanu zotsatizana.

Mlimi wa fodya kufupi ndi Chinkhoma anayankha:

Ine za masheya sindinalowemo, koma ndili ndi muyeso umene sunandinamizepo. Chaka chilichonse mu Okutobala ndimawerengera kuti chuma changa chonse chingagule matumba angati a feteleza. Ngati matumba achuluka kuposa chaka chatha ndiye kuti ndapita patsogolo, ndipo ngati achepa ndabwerera m'mbuyo, ngakhale makwacha atadzaza chikwama. Fodya wathu ku okushoni amatchulidwa mtengo m'madola, ndiye kwacha ikagwa timaoneka ngati tapindula, koma tikafika kusitolo ya zipangizo za ulimi timapeza kuti mtengo unatidikirira kale.

Mbuzi zanu musazinyoze, aphunzitsi, komanso musazikometse. Simunawerengere mnyamata woweta, dibi ndi khola, ndipo mukatero phindu lake litsika. Koma mbuzi mumaigulitsa tsiku la msika lomwelo, popanda kudzaza fomu kapena kuimbira foni wogulitsa masheya wa ku Blantyre. M'chaka cha chilala cha 2024, pamene maboma 23 analengezedwa kuti ali pa ngozi, anthu a m'mudzi mwathu amene anali ndi ziweto ndi amene anagula chimanga osakongola. Kumbukirani kuti ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Mayi wa golosale ku Kamwendo anayankha:

Abambo amene alankhula kalewa sanakhudze za SACCO, ndipo ndikuopa kuti aphunzitsi akhoza kuitaya poona kuti 15 pa 100 yagonja ku kukwera kwa mitengo. N'zoona kuti yagonja. Koma masheya a ku SACCO amakupatsani mwayi wotenga ngongole yoposa ndalama imene mwasunga, pa chiwongoladzanja chotsika poyerekeza ndi cha katapila, ndipo phindu limenelo silioneka pa chikalata cha kumapeto kwa chaka. Ine ndinatengako ngongole nthawi yokolola, ndinagula mtedza, ndipo phindu la mtedzawo linaposa kutali chimene SACCO inandipatsa.

Ndiwachenjezenso amene amayerekeza zinthu izi ndi banki m'khonde. Pogawana mu Disembala ndalama imaoneka ngati yabereka kwambiri, koma mukakhala pansi mupeza kuti mbali yaikulu ya phindulo ndi chiwongoladzanja chimene munalipira nokha pa ngongole zimene gulu linakukakamizani kutenga. Gulu lathu lina linatha chifukwa mamembala awiri anasamuka ndi ngongole, ndipo tonse tinagawana kuluzako.

Funso limene ndikanakufunsani ndi la miyezi, osati la maperesenti. Kodi fizi ya ana imafunika liti, ndipo feteleza mumagula liti? Ndalama imene idzafunike mkati mwa chaka isapite ku masheya ngakhale alamu anu atalumbira.

Mphunzitsi wa ku Chamama anayankhanso:

Zikomo kwambiri nonse. Ndawerengeranso monga mwanenera. Ndalama ya soya inalidi m'buku la ku banki miyezi inayi, ndipo mnyamata woweta ndinkamupatsa K8,000 pamwezi, kotero phindu la mbuzi latsika kuchoka pa K220,000 kufika pa K124,000. Fizi ya ana awiri imafunika mu Seputembala ndi mu Januwale, choncho SACCO sindiichotsa, ndipo mbuzi ndingogulitsako atonde atatu okha. Ndalama ya atondewo ndi imene ndiwonjezere ku masheya, koma a kampani imene si banki.

Bambo a ku Mchinji, ndili ndi funso lina kwa inu. Ndamva kuti munthu wamba akhoza kubwereketsa boma kudzera m'zikalata za masiku 91, ndipo ndikuona ngati nthawi imeneyo ikukwanirana bwino ndi miyezi imene ndalama ya soya imakhala ikudikira kukolola. Kodi msonkho wa 20 pa 100 umene amadula pa chiwongoladzanja ukachotsedwa, chotsalacho chimaposabe chimene buku la ku banki limapereka, ndipo kodi ndingakonze zimenezi ku nthambi ya banki pa Kasungu pano popanda kupita ku Lilongwe?