Ophunzira a pa atachimenti ndi makatoni a chuku: tiyambire pati?

Amayi a ku Limbe:
Mwaswera bwanji anzanga, ndithandizeni nzeru. Kuntchito kwathu, ku laibulale ya bungwe lina la mpingo, talandira ophunzira awiri, mnyamata ndi mtsikana, omwe akhale nafe miyezi iwiri. Sindikufuna abwerere kusukulu atangophunzira kudinda masitampa ndi kupukuta mashelefu. Kuseri tili ndi kachipinda momwe muli makatoni oposa 40 a makalata, mabuku a maminitsi, malisiti ndi zithunzi, zina za m'ma 1950. Denga linadontha nthawi ya namondwe wa Freddy mu Marichi 2023, ndipo makatoni apansi akununkha chuku. Abwana akuti anawa asikane zonse zilowe mu kompyuta, koma sikana tili nayo imodzi, ya A4. Dzulo ndinapeza mnyamatayo wakhuthula makatoni awiri patebulo, akusanja makalata potsata zaka, ndiye ndamuimitsa kaye. Tiyambire pati?

Madala a ku Zomba:
Mwachita bwino kumuimitsa, amayi. Mwanayo sanalakwe dala, kusukulu anazolowera mabuku, ndipo buku limapita pashelefu potsata nambala ya Dewey, ija yosanjira mabuku malinga ndi nkhani yake, osafunsa kuti linachokera kwa yani. Mafayilo sayenda choncho. Kalata imamveka chifukwa cha inzake yomwe yagona nayo mufayilo. Mukachotsa yankho la m'busa mufayilo ya za malo n'kuliika pa mulu wa 1962, mawa wofufuza sadziwa kuti ankayankha ndani, pa nkhani yanji. Zochokera ku ofesi imodzi zikhale pamodzi, ndipo mmene eniake anazisanjira zisiyidwe momwemo. Zomwe wakhuthulazo, ayang'ane nambala za fayilo pamwamba pa makalata ndi mabowo a panchi, zambiri zibwerera kwawo. Zokanika aziike mufoda yakeyake, alembepo kuti zinasokonekera ndi tsiku lake.

Koma choyamba ndi chukucho. Ana a eni asalowe m'kachipindamo opanda masiki, makamaka a N95, ndi magolovesi. Afunseni ngati wina ali ndi mphumu, ameneyo asakhudze n'komwe. Makatoni a chuku apatulidwe lero lomwe, chifukwa chimafala ngati pa chimanga chokololedwa chosauma m'nkhokwe. Otsalawo achoke pasimenti, akwere pa mapaleti, atalikirane ndi khoma, muonenso ngati chiswe sichinaboole pansi.

Achimwene a Koha:
Madala, ulemu wanu, koma ine ndiima ndi abwanawo pang'ono. Mapepalawa akutha. Tikati tilembe kaye mndandanda, miyezi iwiri itha, anawa apita, makatoni abwerera mumdima. Komanso ntchito zomwe adzafunsire zikufuna munthu wodziwa kusikana ndi kulowetsa zinthu mu Koha kapena DSpace, mapulogalamu a pakompyuta a m'malaibulale. Tisawamane zimenezo.

Madala a ku Zomba:
Sindikukana kusikana, achimwene. Ndikufunsa kuti asikana chiyani, ndipo fayilo ya mu kompyutayo aitcha dzina lanji ngati pepalalo lilibe nambala? Ndinaonapo kwina hard drive yodzaza ndi zithunzi zotchedwa scan001 mpaka kutsogolo uko, wosikanayo anapita kalekale, palibe amene akudziwa kuti tsamba lililonse linachokera m'katoni iti. Komanso pepala la chuku likagona pagalasi la sikana, lotsatira limatenga chuku chomwecho.

Amayi, abwanawo musakangane nawo pakamwa. Tengani fayilo imodzi yabwinobwino, anawo aichotse mapini, aisikane, aitche mayina, inu mukuyang'ana wotchi. Nthawiyo muichulukitse ndi mafayilo a m'katoni imodzi, kenako ndi 40, muwonjezere masiku omwe magetsi amathima. Masamuwo mukawaike patebulo pawo, adzaona okha.

Achemwali a ku Chichiri:
Ndiwonjezere za kuumitsa, chifukwa pamenepa ambiri timaononga ndi mtima wabwino. Musayanike mapepala padzuwa. Amapindika, amauma gwa, inki imafwifwa. Ayaleni pakhonde pamthunzi podutsa mphepo, kapena m'chipinda chotsegula mawindo ndi fani. Ino ndi nyengo ya chiperoni, ndiye tsiku lomwe Ndirande ndi Soche zabisika mu nkhungu musatulutse kanthu. Chuku chikauma chimakhala ngati ufa, pamenepo mpomwe mumachisesa ndi burashi yofewa, panja, kuchokera pakati pa tsamba kupita kumphepete. Chikakhala chonyowa musachipukute, mungochilowetsa m'pepala.

Selotepi isayandikire. Pakapita zaka imasanduka yachikasu, imasiya guluu m'pepala, zilembo zimabisika. Tsamba long'ambika lingoikidwa pakati pa pepala loyera lopinda. Mapini ndi masitepulo adzimbiri achotsedwe pang'onopang'ono, malabala onse atayidwe, ndipo patebulo pakhale pensulo yokha, bolopeni ikhale m'chikwama. Mukapeza mafakisi a m'ma 1990, a pepala loterera lija, amenewo okha asikanidwe msanga chifukwa zilembo zake zimazimiririka zokha.

Wophunzira wa chaka chatha:
Ndiloleni ndilankhuleko, akuluakulu, poti ine ndinali pa atachimenti posachedwapa. Chomwe chimatipweteka n'chakuti pobwerera timayenera kulemba lipoti, ndipo aphunzitsi akabwera kudzationa amafunsa kuti tachita chiyani. Ukati "ndimathandiza pakauntala", ulibe choonetsa. Muwapatse ntchito yokhala ndi poyambira ndi pothera, yomwe idzakhale ndi mayina awo pachikuto. Muwauzenso chifukwa chake chinthu chikuchitika motero, osangoti "osatero". Ndipo ngati n'kotheka, kandalama ka minibasi. Ena amachokera ku Machinjiri kapena ku Chilomoni, amafika atatopa kale.

Achimwene a Koha:
Chabwino, ndamva. Ndiye tigawe chonchi. Katoni iliyonse ipatsidwe nambala ndi mzere umodzi mu Excel: ofesi yomwe inachokera, zaka zoyambira ndi zothera, muli chiyani, ili bwanji. Zimenezo zitheka pa makatoni onse. Kenako asankhe gulu limodzi lokha, ine ndikanatenga mabuku a maminitsi, alilembe buku ndi buku. Pomaliza asikane limodzi kapena awiri, sikana itatcheredwa pa 300 dpi kuti zilembo zioneke bwino, asunge TIFF, mtundu wa chithunzi chosataya kanthu, ngati kope lalikulu ndi PDF yowerengera anthu, dzina la fayilo likhale nambala ya bukulo. Makope akhale malo awiri osiyana, osati pa flash yokha. Koma buku lomangidwa musalikanikize pa sikana ya A4, msana uthyoka. Foni yabwino yomangirira pamwamba, pafupi ndi windo, ichita bwino kuposa pamenepo.

Achemwali a ku Chichiri:
Pa foni pomwepo, amayi, muwauze tsiku loyamba kuti zomwe akuwerenga sizituluka pakhomo. M'mafayilo a mpingo mumakhala milandu ya mabanja, za malipiro, za matenda, ndipo ana ndi adzukulu a anthuwo ali moyo mu Blantyre momwemuno. Chithunzi chimodzi chikapita pa WhatsApp sichibwerera. Mafayilo a anthu ogwira ntchito angolembedwa kuti alipo, osatsegulidwa mwachisawawa.

Madala a ku Zomba:
Asatayenso kanthu, ngakhale malisiti. Alembe zomwe akuganiza kuti n'zosafunika, eni bungwe ndiwo agamule. Ndipo muwatengeko akaone ntchito yotha. Ku Mandala House, nyumba ija ya 1882, kuli laibulale ya Society of Malawi, ndi pafupi. Mukapeza thiransipoti bwerani nawo kuno ku National Archives, yomwe inayamba mu 1947, akagwire mndandanda weniweni wa mafayilo, aitanitse fayilo ndi nambala, aone ikubwera. Lembani kalata kaye musananyamuke.

Amayi a ku Limbe:
Zikomo kwambiri nonse. M'mawa uno tinayesa fayilo imodzi ija, ndipo abwana ataona masamu avomera kuti tiyambe ndi mndandanda ndi mabuku a maminitsi. Mtsikanayo ali ndi mphumu, ndiye iye akhala pa Excel ndi pa zithunzi zouma, mnyamatayo ndi ine tikhala pakhonde. Makatoni a chuku tawapatula, ndi 7. Za minibasi ndalemba memo, ndikudikira. Latsala funso limodzi: mafoda opanda asidi, aja osaononga mapepala akale, ndiwapeza kuti? M'mashopu a mu Limbe ndikungoona a manila.

Achemwali a ku Chichiri:
Amavuta kupezeka ndipo ndi odula. Pakadali pano gulani a manila oyera kapena otuwa, osati amitundu chifukwa akanyowa amasuluka. Mkati muyalemo pepala loyera la fotokope kuti zakalezo zisakhudzane ndi fodayo, mumange ndi kansalu ka thonje. Makatoni akale onyowa aja musabwezeremo kanthu. Burashi yofewa ndili nazo ziwiri, mutume mnyamatayo adzatenge imodzi Lachinayi masana.