Chipongwe cha Marlowe chimaluma bwanji osasanduka nthabwala wamba?

Kachere88: Akuluakulu, ndithandizeni. Ofufuza milandu a m'mabuku a Dashiell Hammett ndi Raymond Chandler amayankha mwachipongwe mfuti ili pamphumi, koma nkhani siipepuka. Ena akatengera kalembedweka, zimangomveka ngati macheza a pabawo. Chinsinsi chagona pati?

MaiNachisale: Poyamba musawaike m'thumba limodzi awiriwa. Hammett anayamba ntchito yofufuza kukampani ya Pinkerton mu 1915, ndipo amalemba ngati lipoti: wavala chiyani, manja akutani, wanena chiyani, basi. Mu The Maltese Falcon ya 1930 salowa m'mutu mwa wofufuza wake Sam Spade ngakhale kamodzi. Spade atalandira foni usiku kuti mnzake waphedwa, timangomuona akupichira fodya mosamala, pang'onopang'ono. Chisoni kapena kuuma mtima, mudziwerengere nokha pa zalazo.

Chandler ndi wina. Anaphunzira ku Dulwich College ku London, ndipo nkhani yake yoyamba mu magazini ya Black Mask inatuluka mu 1933 ali ndi zaka 45, atachotsedwa ntchito kukampani ya mafuta. Kwa iye wofufuza wake Philip Marlowe amasimba yekha, ndiye chipongwe chili m'mawu a wosimbayo.

Gogo_Taipi: Mayi anena zoona. Ndionjezere za kapangidwe. Chandler ankataipa pa mapepala achikasu odula pakati, mawu pafupifupi 150 pa lililonse, kuti kapepala kalikonse kakhale ndi kanthu kamoyo. Kanthu kamodzi, osati kasanu. Otengera amathira mafanizo atatu m'ndime imodzi, ndiwo n'kuwawa mchere.

Fanizo lichokere m'dziko la wofufuzayo: lendi, ngongole, mowa wotchipa. "Maso ake anali ngati nyenyezi" n'zakufa. "Anamwetulira ngati landilodi pakutha pa mwezi" likukuuzani kuti munthuyo wabwera kudzatenga, komanso kuti wosimba m'thumba mulibe.

China, onani amene akunyozedwa. Marlowe amalasa olemera, apolisi achinyengo ndi mabwana a juga, anthu oti angathe kumuthyola nthiti, ndipo nthawi zambiri amamenyedwadi. Chipongwecho amachilipira. Mukachilozetsa kwa wantchito wa m'nyumba, wofufuza wanu wasanduka munthu wamwano chabe.

Kachere88: Nanga mlandu weniweniwo? Ukhale wolukana bwanji?

MaiNachisale: Apa Chandler musamutsate ndi maso otseka. The Big Sleep ya 1939 anaisoka kuchokera ku nkhani zake zakale za m'magazini, makamaka Killer in the Rain ndi The Curtain, ndipo msoko umaoneka. Pokonza filimu ya 1946, wotsogolera filimuyo, a Howard Hawks, anamutumizira telegalamu kufunsa amene anapha dalaivala Owen Taylor, mwini bukuyo n'kuvomera kuti naye sakudziwa. Iye zinamukhalira chifukwa chiganizo chilichonse chimakoka. Inu lembani kaye papepala lapadera amene wapha, nthawi yake ndi chifukwa chake, kenako muwerenge zokambirana mokweza. Mzere umene wofufuza akungodzionetsera, osakola wina pakamwa kapena kubisa mantha, dulani.