Six line wanga wasanduka nyakwawa ya thanki yonse, nditani?

WakuNchalo

Akuluakulu ndigawireni nzeru. Ndikudziwa kuti ambiri muno mumaweta mbuna koma mwina alipo amene anagwirapo za madzi amchere. Ine ndili ku Nchalo kuno, ndili ndi kathanki ka malita 90, miyala ya m'nyanja, ma coral ofewa angapo (zamoyo za m'nyanja zomera pamiyala ngati maluwa), nsomba ziwiri za mtundu wa clownfish ndi ina imodzi ya mtundu wa wrasse yotchedwa six line, zonsezi ndinagula kwa mkulu wina ku Blantyre amene amasamuka. Six line ameneyu ndi wokongola zedi, thupi lapepo, mizere 6 ya olenji, maso ofiira, tsiku lonse kulowa bowo ili kutulukira linalo ngati munthu wataya ndalama. Miyezi 7 yonseyi panalibe vuto.

Sabata yatha alamu anga pochokera ku Joni anandibweretsera nsomba ina yotchedwa firefish, yoyera kumutu yofiira kumchira ija. Nditangoyimasula sipanathe ndi ola lomwe, six line uja anayamba kuithamangitsa, pano zipsepse zang'ambika ndipo masiku 4 tsopano sinatulukemo m'kabowo kake, chakudya sikudya. Chodabwitsa nchoti clownfish sakuzikhudza nkomwe, zimayandikana bwinobwino. Nde azolowerana kapena ndingoyembekezera maliro? Ndalama zinapita pamenepa musafunse, mayi akunyumba mpaka pano sakudziwa mtengo wake weniweni kkkk

Mbuna_Boy

Achimwene wonjezerani nsomba basi. Ine mbuna zanga zikayamba kuvutana ndimathiramo zina 5 kapena 6 nthawi imodzi, wankhanzayo amasokonezeka sadziwa athamangitse iti, mapeto ake amatopa yekha. Mbuna yanga ya mtundu wa auratus inali chigawenga chenicheni koma pano ili phee. Nsomba ndi nsomba.

Gogo wa pa Ngabu

Ayi Mbuna_Boy mwana wanga, pamenepo mwawasokeretsa anzanuwa. Za mbuna mukunenazo nzoona, inenso ndimapanga choncho, koma mbuna mumazisinthira madzi a pampopi theka la thanki sabata iliyonse osamva kuwawa m'thumba. Awa madzi awo ndi osungunula mchere wogula kunja, ndipo ma coral madzi akangoda pang'ono ndere zimawakwirira. Malita 90 mukachotsa malo a miyala ndi mchenga mwina otsala ndi 70, nsomba 4 zakwana kale pamenepo.

A Nchalo, vuto lanu lili pa dongosolo lomwe nsombazo zinalowera. Six line ndi nsomba yokhala m'miyala, kunyanja imapezeka kuyambira ku Red Sea, gombe la Mozambique kwa anansi athuwa, mpaka ku Pacific, ndipo ntchito yake nkusakasaka tizilombo ting'onoting'ono m'mabowo. Nde akakhala miyezi 7 m'kathanki kakang'ono bowo lililonse amaliwerenga ngati munda wake. Clownfish sazivutitsa chifukwa anakulira nazo limodzi, zimakhala pakona pawo pomwepo, komanso nazo zimabwezera zikaputidwa. Firefish ndi yamantha, thupi lake lowonda lalitali, ikaopsedwa imathawira m'mabowo omwewo amene mwini munda akulondera. Nchifukwa chake odziwa amati six line azilowa pomaliza, ena onse atakhazikika. Ndipo akamakula nkhanza zimakulanso, sizichepa ayi. Ali wamng'ono amaoneka wofatsa, akafika masentimita 6 kapena 7 mumuona khalidwe lake lenileni.

Zoyesa zilipo. Matani kalilole kunja kwa galasi, azilimbana ndi chithunzi chake masiku angapo mnzakeyo apezeko mpata wodya. Ena amasuntha miyala kuti malire asokonekere, ena amazimitsa nyali tsiku limodzi kapena awiri. Koma ndisakunamizeni, m'thanki ya malita 300 zimenezi zimatha kugwira chifukwa wothamangitsidwayo ali ndi kothawira komwe sakuonedwa, mwa inumo kulikonse komwe angapite maso ofiira aja akumuona. Mmodzi atuluke basi.

Komanso vundikirani thankiyo lero lomwe, ndi ukonde osati galasi. Firefish imadumpha, wrasse nayenso amadumpha, mudzangopeza chouma pansi m'mawa ngati usipa.

WakuNchalo

Takhuta agogo. Kalilole ndamata, nzoona akulimbana naye, watambasula zipsepse zonse ngati tambala. Koma kumugwira nde ndalephera, dzulo ndinatha maola awiri ndi kaukonde, akangoona mthunzi wa dzanja walowa kale m'mwala, ndagwetsa coral imodzi, malaya onse kunyowa. Usiku ndinamuunikira ndi tochi ndinamupeza m'mphako atakutidwa ndi zinazake ngati mamina, nde ndinaganiza kuti mwina wadwala chifukwa cha kumuthamangitsa kwangako?

NyaBangula

Kkkkk sanadwale bambo, amagona choncho. Usiku amadzikuta ndi thumba la nanda, ndi bulangete lake limenelo, m'mawa amatulukamo. Ma wrasse ena monga yellow coris sapanga zimenezo, iwo amadzikwirira mumchenga, nchifukwa chake amafuna mchenga wosalala wozama ndithu, ndipo watsopano amatha kusowa masiku angapo munthu nkumaganiza kuti wafa pomwe ali pansi.

Kaukonde kogwirira kaja kasiyeni, simungamugwire pokhapokha muchotse miyala yonse. Inu munthu wa ku chigwa kuno mwaiwala mono? Tengani botolo la pulasitiki loyera, tsukani bwino opanda sopo, dulani kumutu nkutembenuzira mkati ngati mmene asodzi a ku Elephant Marsh amalukira pakamwa pa mono, boolani timabowo kuti madzi azidutsa. Osamupatsa chakudya tsiku limodzi kapena awiri kenako ikani nyambo m'botolomo, liikeni pafupi ndi mwala womwe amakonda. Wrasse ndi nsomba yachidwi, chilichonse chatsopano amafuna akachione, koma mukamuphonya kamodzi sabwereranso msanga nde khalani chete patali. Zitha kutheka kuti clownfish ndi imene iyambe kulowa, imasuleni muyambirenso.

Ine changa chomwe chikundidetsa nkhawa ndi china, madzi anu akutentha bwanji? Okutobala uno kuno kunja kumapitirira madigiri 40, thanki ya m'nyanja imafuna 25 kapena 26. Madzi akatentha mpweya umachepa, nsomba yomwe yabisala m'kabowo osadya, yovulala kale, ndi imene imayamba kugonja, ndipo matenda a timadontho toyera aja amapezerapo mwayi. Nde magetsi akazima pampu nkuima ndi zoopsa kwambiri, kapampu kampweya ka mabatire kakhale pafupi. Fani iziwomba pamwamba pa madzi, nchifukwa chake agogo akuti ukonde osati galasi. Koma fani imaumitsa madzi msanga ndipo mchere suuma nawo, umatsala, nde muzithira madzi opanda mchere tsiku lililonse kuti muyezo wa mchere m'madzimo uzikhala pa 1.025. Ndipo chonde osati a pamjigo, ndikudziwa mijigo yambiri kuno madzi ake ndi amchere kale anthu amaseka kuti nyanja tili nayo pansi, koma si mchere umenewo, gwiritsani a RO, osefedwa ndi makina ochotsa mchere ndi zonse zosungunuka m'madzi.

Mbuna_Boy

Chabwino ndagonja. Koma bwanji osangomugulira mkazi, mwina ndi umbeta ukumuvuta

Gogo wa pa Ngabu

Mwana iwe kkkk. Six line awiri m'malita 90 ndi nkhondo yeniyeni, mmodzi afa. Ndipo za mkazi ndi mwamuna pa ma wrasse nzovuta, ambiri amayamba ali aakazi kenako wamphamvu amasanduka wamwamuna, nde amene mwagula ngati mkazi lero mawa akhoza kukhala mpikisano. Clownfish nzosiyana, izo zimayamba zazimuna yaikulu nkusanduka yaikazi.

A Nchalo akatuluka musathamangire kugula wrasse wina. Ma wrasse a mtundu wa fairy ndi flasher ndi ofatsa inde koma amafuna malo osambira, cleaner wrasse wa mzere wakuda uja amadya tizilombo ta pathupi la nsomba zina nde m'thanki ya nsomba zitatu amangowonda. Nsomba ya mandarin ayi ndithu, tizilombo ta m'miyala tomwe iyo imadya, six line watimaliza kale. Ngati mudzafune china, kagoby, kansomba kakang'ono kokhala pansi, ndipo kayambe kakhala m'kabokosi koonekera mkati mwa thankimo masiku angapo muone mmene eni nyumba akukalandirira.

WakuNchalo

Mono wagwira ntchito amayi a ku Bangula!! Tsiku loyamba anangozungulira botolo kuliyang'ana ndi diso limodzi, lachiwiri clownfish yaikazi ndi imene inalowa ngati mmene munanenera, lero cha m'ma 6 koloko m'mawa walowa yekha. Pano ali m'chidebe cha malita 20 ndi mwala umodzi ndi kapampu, ndavundikira. Madzi ndinayeza masana anali pa 30, manyazi andigwira, ndaika fani atsika kufika 27 ndipo mabotolo awiri a madzi oziziritsira thanki ali mufiriji kudikira nthawi yomwe magetsi azime.

Firefish yatulutsa mutu madzulo ano, yadya tiwiri titatu nkubwereranso. Koma ndikuvomereza, thanki ikuoneka yopanda moyo popanda chigawenga chija, mwana wanga wamng'ono wakhala pa chidebe kuyambira pobwera kusukulu akuti tisamupereke. Alipo ku Blantyre kapena ku Limbe amene ali ndi thanki yaikulu ya madzi amchere? Loweruka ndikukwera Thabwa m'mamawa kusanatenthe, ndikhoza kubwera naye, sindikugulitsa, mungondipatsako mchere pang'ono ngati muli nawo wotsala.